Kukonzanso damu lopatutsa madzi a mthirira ku Mulanje: mafunso ndi mayankho

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamisonkhano ya masikimu a m'tsinde mwa phiri la Mulanje nkhani yosasowa ndi ya damu. Ena lawo linang'ambika pakati, ena lidakali chiimire koma mtsinje unalithawa n'kukadzera kwina, ena linakwiririka ndi mchenga moti mbuzi zimawolokerapo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makomiti, mafumu ndi alimi amafunsa mobwerezabwereza. Tayamba ndi apafupi, ofuna tepi ndi cholembera ali kutsogolo.

Damu lopatutsa madzi ndi chiyani, ndipo likusiyana pati ndi damu losunga madzi?

Ndi chipupa chachifupi chomangidwa mopingasa mtsinje kuti madzi akwereko pang'ono n'kuyamba kulowa okha mu ngalande kapena m'paipi yopita kuminda, popanda injini, popanda mafuta. Silisunga madzi a dzinja kuti mudzathirire m'chilimwe. Zimene mtsinje wabweretsa lero ndi zomwe mugawane lero. Madzi otsala, pamodzi ndi onse a chigumula, amayenera kudumpha pamwamba pake n'kupitirira ulendo.

Kuno madamu otere amayenerera chifukwa mitsinje yochokera m'phiri, monga Ruo, Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila, imatsetsereka kwambiri ndipo yambiri siphwa chaka chonse. Kutsetsereka komweko ndi kumenenso kumawagwetsa.

Mainjiniya akabwera amatchula zigawo zambiri. Ndi ziti zimene tiyenera kuzidziwa?

Msana ndi pamwamba pa chipupa, pomwe madzi amadumpha. Mapiko ndi zipupa za m'mbali zimene zimalowa m'gombe uku ndi uku kuti mtsinje usalambalale. Kumunsi kwa msana kumakhala bwalo lolimba la konkire kapena miyala, pomwe madzi odumphawo amagwera ndi kuthera ukali. Pansi pa zonsezi pali chipupa china chosaoneka, chozama, chotchinga madzi kuti asadutse kunsi kwa maziko.

Kumbali imodzi kuli khomo la ngalande, lokhala ndi chitseko ndi zitsulo zotchinga zinyalala. Pafupi ndi khomolo payenera kukhala chipata china chotsika kuposa khomo, chotayira mchenga. Madamu ambiri akale alibe chipata chimenechi, ndipo chibweranso kangapo m'mayankho akutsogoloku.

Lathu linapita ndi Napolo. Pali chofufuzanso apa?

Chilipo. N'zoona kuti pali zigumula zimene palibe chipupa cha sikimu chingaziimire. Amene anaona za ku Phalombe mu 1991, kapena matanthwe aakulu ngati nyumba amene anatsika m'phiri nthawi ya Freddy, sangatsutse. Koma pitani mukaone bwino: pamtsinje umodzi damu lina linapita, lina linatsala. Kawirikawiri chigumula chimangomaliza ntchito imene inayamba kale mwakachetechete.

Mukafika pamalopo yang'anani izi. Ngati chipupa chinagwera chakumunsi ndipo patsinde pake pali dziwe lakuya, ndiye kuti madzi odumpha anakumba pansi mpaka maziko analendewera. Bwalo linali lalifupi, kapena linasweka kalekale osakonzedwa. Ngati chipupa chili chilili koma mtsinje ukudutsa pambali, mapiko anali aafupi kapena otsika, kapenanso damu linamangidwa pomwe mtsinje unachita kupatutsidwa. Madzi saiwala khwawa. Ngati chaka chisanagwe munkaona timadzi tamatope tikubwatamuka kumunsi kwa chipupa, madzi ankadutsa pansi akutenga dothi pang'onopang'ono. Ndipo ngati mungathe kufukula matope a pakati pa miyala ndi msomali, n'kumayoyoka, simenti inachepa pomanga.

Pali chinanso chimene anthu safuna kuchimva: kukumba mchenga wogulitsa kumunsi kwa damu. Pansi pa mtsinje pakatsika, kutsikako kumakwera chakumtunda chaka ndi chaka mpaka kudzafika patsinde pa damu.

Kumanganso musanadziwe chimene chinagwetsa loyamba n'kutaya simenti. Ili ndiye funso lalikulu pa mafunso onse, ndipo komiti isalole kuti lidumphidwe chifukwa wopereka thandizo akufulumira.

Tikonze lomweli kapena tisamukire pena?

Ngati maziko ali pathanthwe, chipupa sichinapendeke, ndipo chowonongeka ndi msana, chitseko kapena phiko limodzi, konzani lomwelo. Ming'alu yapamwamba imamatika. Mng'alu wodutsa kuchokera pamsana kufika pansi, mbali imodzi itatsika kuposa inzake, ukunena kuti maziko asuntha, ndipo kuupaka simenti n'kubisa chabe.

Ngati mtsinje wakula kuwirikiza kapena wasintha njira, kusamuka nthawi zambiri kumatchipa kuposa kuukakamiza kubwerera. Malo abwino ndi pomwe mtsinje wawongoka, wapanikizika pakati pa magombe olimba, ndipo thanthwe likuoneka kapena lili pafupi. Khomo la ngalande lisakhale mkati mwa gondo la mtsinje, chifukwa ndi kumene mchenga umaunjikana. Kusamukira kumtunda kumatalikitsa ngalande ndipo kumadutsa m'minda ya eni ake. Kusamukira kumunsi kungasiye mapoloti ena pamwamba pa madzi. Apa diso limanama, pamafunika makina oyezera kukwera ndi kutsika kwa malo.

Tiyambire kwa yani?

Kwa mlangizi wa m'dera lanu ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA), kaya ndi Milonde, Msikawanjala, Thuchila, Kamwendo kapena Mulanje Boma. Iwo amalumikizana ndi a nthambi ya ulimi wa mthirira ku khonsolo, komwe kuli mainjiniya. Nthawi yomweyo nkhaniyi idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ku ya m'dera (ADC), mafumu akudziwa, kuti ilowe m'ndondomeko ya chitukuko cha boma. Mabungwe ambiri akafuna kuthandiza amayamba afunsa ku khonsolo kuti masikimu ovutika ndi ati. Dzina lanu likasowa pamenepo, mudzangomva kuti anzanu akumanga.

Musapite chimanjamanja. Tengani zithunzi za damu, kaundula wa mamembala, kukula kwa malo othiriridwa, ndi muyeso wa madzi womwe tafotokoza kutsogoloku.

Madzi ndi a Mulungu. Chilolezo n'chachiyani, poti damu linalipo kale?

Lamulo la Water Resources Act la 2013 linaika madzi onse m'manja mwa boma poimira anthu onse, ndipo bungwe la National Water Resources Authority ndi limene limapereka chilolezo chopatutsa madzi ndi chomanga mumtsinje. Kutunga madzi akumwa ndi ochapira pakhomo sikufuna chilolezo. Kupatutsa mtsinje kuti muthirire mahekitala kumafuna. Masikimu ena akale sanatengepo, ena chawo chinatha mphamvu. Nthawi yokonzanso ndiyo yabwino kulongosola zimenezi, makamaka ngati mukusuntha damu kapena kukulitsa khomo.

Musachione ngati msonkho chabe. Mtsinje wa Likhubula lero umamwetsanso anthu a ku Blantyre, pa Lichenya pali magetsi a ku Bondo, ndipo maesiteti a tiyi nawo amathirira. Tsiku lokangana, wokhala ndi pepala ndi amene amamveka.

Ntchito ikakhala yokulirapo, a zachilengedwe ku khonsolo amayiunika potsatira lamulo la Environment Management Act la 2017. Ngati damu lili mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya phiri, a nthambi ya zankhalango avomereze kaye. Ndipo pomwe Ruo kapena Muloza ndi malire ndi Mozambique, phiko limodzi likhala m'dziko la eni. Imeneyo si nkhani yomalizira pa bwalo la a nyakwawa.

Tidziwa bwanji kuti madzi akwanira minda yonse?

Yezani mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, pomwe mtsinje wachepetsetsa. Kuyeza mu Juni, chiperoni chili mkati, kumanamiza.

Sankhani pomwe mtsinje wawongoka, muyeze mamita 10. Ponyani botolo lokhala ndi madzi theka, muwerenge masekondi amene latenga kuyenda mamita 10 aja, kangapo, n'kutenga apakati. Yezani m'lifupi mwa madzi ndi kuya kwake pamalo angapo. Tiyerekeze kuti m'lifupi ndi mita imodzi, kuya ndi masentimita 20, ndipo botolo latenga masekondi 25. Liwiro ndi mamita 0.4 pa sekondi. Kuchulukitsa 1 ndi 0.2 ndi 0.4 kukupereka 0.08, omwe ndi malita 80 pa sekondi. Popeza madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kuposa apamwamba, chulukitsaninso ndi 0.8: atsala malita 64 pa sekondi. Pamtsinje wa miyala yambiri chotsaniponso.

Tsono mbewu. M'nyengo yotentha chimanga chokhwima msinkhu chimamwa mamilimita pafupifupi 6 patsiku. Milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000, choncho hekitala ikufuna malita 60,000 patsiku, kapena kuti malita 0.7 pa sekondi usana ndi usiku. Koma m'ngalande zadothi ndi m'mizere theka la madzi limatha kutayika panjira, ndiye werengerani malita 1.4. Ngati mumathirira masana okha, maola 12, n'kuwirikizanso kawiri, pokhapokha mutakhala ndi dziwe losungira madzi a usiku. Ndipo pa malita 64 aja simungatenge onse. Onani funso la anzathu a kumunsi.

Masamu amenewa nthawi zina amaonetsa kuti vuto si damu ayi, koma ngalande yodontha. Kuwaka mamita mazana angapo a ngalande yaikulu kungabweze madzi ambiri kuposa chilichonse mungachite pamtsinje.

Bwanji tingokweza msana kuti madzi alowe ambiri?

Ayi, pokhapokha injiniya atawerengera. Kukweza msana sikuwonjezera madzi mumtsinje, monga tanenera poyamba. Chimene kumawonjezera ndi msinkhu wa chigumula kumtunda, ndiye madzi amadumpha mapiko n'kudya gombe, komanso kutalika kwa pogwera, ndiye kukumba kwa patsinde kumakula. Ngati mukufuna kukwezako pang'ono m'chilimwe, pamsana pamangidwe mipata yolowetsamo matabwa, oti muzichotsa mvula yoyamba isanagwe. Pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene ntchito yochotsayo ndi yake.

Chaka chilichonse timafukula mchenga, chaka chilichonse umabwerera. Tichite chiyani?

Kuti kumtunda kwa damu kudzaze mchenga si ngozi payokha. Madamu onse otere amadzaza. Chofunika n'chakuti patsogolo pa khomo pakhale poyera, ndipo ndiyo ntchito ya chipata chotayira mchenga. Pansi pake pakhale potsika ndithu kuposa pansi pa khomo, kuti mchenga woyenda chokwawa upeze njira yake yotulukira. M'dzinja chipatachi chizikhala chotsegula ndipo khomo la ngalande lizitsekedwa mtsinje ukadzaza. Ngati damu lanu lilibe chipata chotere, kukonzanso kopanda kuchiika n'kosakwanira, ngakhale chipupa chitawala bwanji.

Mamita ochepa kuchokera pakhomo, ngalande ikhale ndi pamalo potambalala ndi pozama pomwe madzi amafatsa, mchenga wosalala n'kukhazikika, pokhala ndi kachipata kobwezera mchengawo kumtsinje. Masikimu a mapaipi asanyozere zimenezi: ngalande yotseguka mumaifukula ndi fosholo, koma paipi yokwiriridwa ikadzaza mchenga mumakumba mtunda wonse.

Mchengawo ukuchokera m'minda ya m'mapiri ndi m'magombe olimidwa mpaka m'madzi. Akalozera, vetiva, nsenjere, nsungwi ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje monga mkuyu ndi mbawa zimathandizadi, koma tinene zoona: phindu lake limaoneka patapita zaka, ndipo olima kumtundako kawirikawiri si mamembala a sikimu. Kuno malo ndi ochepa, munthu sangasiye dimba lake chifukwa choti mwamuuza. Masikimu anzeru amawapatsako mapoloti a kumtundawo kuti nawo damu likhale lawo.

Timange ndi chiyani: konkire, miyala yowaka kapena magabiyoni?

Miyala yowaka ndi simenti ndiyo yotchipa kuno chifukwa miyala ili ponseponse ndipo amisiri a m'mudzi amaidziwa. Matope ake akhale muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu kapena inayi ya mchenga wotsuka. Konkire wa zitsulo amafunika pamsana, pabwalo logwera madzi ndi pazipata, pomwe miyala yogubuduzika imamenya. Kasakanizidwe kozolowereka ndi 1:2:4, simenti, mchenga ndi kwale. Pomanga pathanthwe, aboole thanthwelo n'kuzikamo zitsulo zogwira chipupa.

Magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala aja, ndi abwino poteteza magombe ndi kumapeto kwa bwalo, chifukwa pansi pakatsika amapindika osasweka. Kumbuyo kwake kuikidwe nsalu yosefa kuti dothi lisatuluke m'mipata. Koma pakati pa mtsinje wotsika ndi matanthwe, waya amaduka msanga, ndipo bokosi likang'ambika miyala imamwazika. Wayayo amabedwanso. Ngati mwasankha magabiyoni pamsana, avindikiridwe ndi konkire.

Ntchito iyambe mwezi uti, nanga timanga bwanji madzi akuyenda?

Kusonkhanitsa miyala ndi mchenga kuyambe mvula ikangosiya, mu Epulo ndi Meyi. Kukumba maziko kuyambe mtsinje ukatsika, cha mu Juni kapena Julayi, ndipo za mumtsinje zonse zithe pofika pakati pa Okutobala. Konkire amafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7 ndipo amafika pa mphamvu yake pa masiku 28. Kuno mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri kumudzi kuli dzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi, choncho m'miyezi yomaliza pakhale wina woyang'ana kumtunda, ndipo simenti isagone m'khwawa.

Mtsinje umamangidwa theka theka. Mumatchinga mbali imodzi ndi matumba a mchenga, madzi n'kumadutsa mbali inayo. Yambani ndi mbali ya chipata cha mchenga, kuti pomanga theka lachiwiri madzi azidutsa pachipatapo. Dzenje la maziko lizipopedwa; konkire wothira m'madzi oyenda amasanduka kwale wotsuka.

Ndalama zikafika mochedwa, mwachitsanzo mu Seputembala, kuli bwino kuteteza chomwe chilipo ndi magabiyoni n'kudikira chaka chamawa kusiyana ndi kusiya chipupa chatheka pakamwa pa dzinja.

Podikira zonsezi, chaka chino tithirire bwanji?

Mzere wa matumba a mchenga ndi miyala wolozetsa madzi kukhomo lakale umagwira ntchito nyengo imodzi. Ukhale waufupi, woti chigumula choyamba chiutenge osawononga gombe. Chepetsani malo olima, mugawane mapoloti a kufupi ndi khomo, ndipo sankhani nyemba ndi masamba m'malo mwa mpunga.

Zidya ndalama zingati, ndipo zichokera kuti?

Mtengo wa simenti umasinthasintha, choncho chofunika kugwira ndi kuchuluka kwa zipangizo. Pemphani injiniya akupatseni mndandanda wa zonse. Poyerekeza chabe, kiyubiki mita imodzi ya konkire wa 1:2:4 imadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 6, ndipo ya miyala yowaka imadya matumba awiri kapena atatu. Mukadziwa kutalika, kuya ndi kunenepa kwa chipupa, mutha kuona nokha ngati matumba olembedwawo akumveka.

Zimachokera ku mapulojekiti a boma odzera ku nthambi ya mthirira, ku ndalama za chitukuko za khonsolo ndi za m'dera la phungu, ku mabungwe, nthawi zinanso ku maesiteti oyandikana nawo. Pafupifupi onse amafuna kuti alimi aikepo mbali yawo: miyala, mchenga, kukumba. Lembani m'kaundula amene wabwera ndi amene sanabwere kuyambira tsiku loyamba. Mikangano yambiri yogawana mapoloti imabadwira pa miyala imene ena anasenza ena ali ku msika wa Limbuli.

Kontirakitala wabwera ndi mapepala ake. Ife osaphunzira za zomangamanga tingamuyang'anire bwanji?

Simufunika digiri kuti muwerenge matumba. Komiti ikhale ndi kope la mapulani ndi mndandanda wa zipangizo, ndipo anthu awiri kapena atatu, amayi alipo, azisinthana kukhala pamalopo tsiku lililonse akulemba matumba olowa ndi otsegulidwa. Simenti yoyamba kuundana m'thumba ikanidwe. Mchenga wosiya matope m'manja ukatsukidwe.

Nthawi yofunika kuposa zonse ndi pomwe maziko akumbidwa koma sanathiridwe. Zimene zakwiriridwa simudzazionanso. Pasathiridwe kanthu injiniya wa ku khonsolo asanaone dzenjelo ndi kuyeza kuya kwake, inu mulipo, ndi kujambula tepi ili m'dzenje. Chimodzimodzi kutalika kwa mapiko m'gombe. Ameneyo ndi malo amene wofuna kusunga simenti amasungirapo.

Mukaona cholakwika musakangane ndi amisiri. Lembani, muuze injiniya woyang'anira. Funsaninso ngati mgwirizano uli ndi gawo la ndalama losungidwa mpaka damu litaona dzinja loyamba. Ngati lilipo, musasaine kuti zonse zili bwino mvula isanaliyese.

Anzathu a kumunsi akudandaula kuti tiwaumitsira mtsinje. Ali ndi mbali?

Ali nayo. Amamwa, amachapa, amamwetsa ziweto, ena ali ndi madimba awo, ndipo chilolezo chimanena kuchuluka kwa madzi amene mungatenge, osati onse. Pomanga pasiyidwe kampata kapena kapaipi kosatsekeka kotulutsa madzi a kumunsi nthawi zonse. Aitaneni ntchito isanayambe, a gulupu a mbali zonse alipo, ndipo zogwirizana zilembedwe. Chimodzimodzi eni minda imene ngalande idzadutsamo, kaya ndi munthu kaya ndi esiteti: mawu apakamwa amafa ndi mwini wake kapena kuchoka ndi manijala.

Damu latha, madzi akulowa. Chatsala n'chiyani?

Bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, limene ambiri amangoti WUA, likhale ndi malamulo olembedwa ndi thumba la zokonzera losiyana ndi la mbewu ndi feteleza. Chopereka chitoleredwe nthawi yokolola chimanga chachiwisi ndi tomato, ndalama zili m'manja, ndipo chisungidwe ku akaunti ya osaina atatu. Makiyi a zitseko akhale ndi munthu wokhala pafupi ndi damu, woti atha kudzuka usiku mvula ikagunda kuphiri.

Chigumula chilichonse chikaphwa, anthu awiri apite ndi nsungwi yaitali akayeze kuya kwa dzenje kumapeto kwa bwalo, n'kulemba m'buku. Likamakula, thiranimo miyala ikuluikulu sabata yomweyo. Ayang'ane kuseri kwa mapiko ngati dothi latsika, achotse zipika zokodwa pamsana, aone ngati pali madzi amatope otumphuka kumunsi. Zitseko zipakidwe girisi ndi penti chaka chilichonse, mitengo isamere pachipupa, ndipo udzu wa m'ngalande uzichotsedwa, chifukwa madzi odekha a m'udzu ndiwo amasunga nkhono za likodzo ndi udzudzu. Pakati pa mamembala paphunzitsidwe amisiri awiri pomwe kontirakitala adakali pamalopo, ndipo mapulani ndi zithunzi za maziko zisungidwe kwa mlembi, kope lina ku ofesi ya EPA.